ZA KWATHU: Feira, Mudzi wa Pokumanira Mitsinje

Mwezi uno tatsikira kuchigwa, ku Boma la Luangwa, kumene akuluakulu amakutchulabe ndi dzina lakale lakuti Feira. Ambiri a inu mumadziwa dera limeneli chifukwa cha nsomba zouma, masau ndi mphasa zimene mumagula pa mlatho wa Luangwa popita ku Chipata. Ena mwafikako pa tchuthi kukawedza mcheni ndi kukaona mvuu. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kamudzi kotentha kameneka kali m'gulu la matauni akale kwambiri m'dziko lathu la Zambia, ndi kuti Lusaka, Kitwe ndi Livingstone ndi ana adzulodzulo tikawayerekeza ndi Feira. Tafuna kuti tikambirane mbiri yake tsopano lino, pamene alendo akuchuluka ndipo malo a m'mbali mwa madzi ayamba kukwera mtengo, pakuti munthu wosadziwa kulemera kwa chinthu chake amachisinthanitsa ndi mchere wodzaza dzanja limodzi.

Kumene msewu uthera

Mukachoka ku Lusaka pa msewu wa Great East, musanawoloke mlatho wa Luangwa mumapatukira kudzanja lamanja ndi kutsata mtsinje makilomita pafupifupi 90, kupyola midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma ndi ya Mfumu Mphuka, mpaka msewu uthere pamadzi. Pamenepo Luangwa, atayenda ulendo wake wautali kuchokera kumapiri a Mafinga, amathira madzi ake ofiira mu Zambezi. Mukaima pagombe ndi kuyang'ana kum'mawa, tsidya la Luangwa, mukuona Zumbo m'dziko la Mozambique. Mukayang'ana kum'mwera, tsidya la Zambezi, mukuona dera la Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Tambala wa mudzi umodzi amadzutsa anthu a maiko atatu.

Malo amenewa ndiwo otsika kwambiri m'Zambia yense, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lusaka ali pa mamita oposa 1,200. Ichi ndicho chifukwa chake mwezi wa Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mvula imagwa mwanjomba. Chimanga chimapsa m'munda kawirikawiri. Chimene chasunga anthu kuyambira kale ndi mtsinje, madimba a m'mbali mwake, mapira, mbuzi, ndi zipatso za mitengo yopirira chilala monga masau, malambe ndi bwemba. Munthu angafunse kuti, nanga m'dziko louma chotere anthu akutali anadzafunamo chiyani? Yankho lili m'dzina lenilenilo.

Msika wa golide ndi minyanga

Liwu lakuti feira ndi la Chipwitikizi, ndipo tanthauzo lake ndi msika. Apwitikizi anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, ndipo anali ndi misika yawo ya golide m'dziko la Mwenemutapa, kum'mwera kwa Zambezi. M'chaka cha 1693 ankhondo a Changamire, mfumu ya Arozvi, anaononga msika waukulu wa Dambarare, ndipo posakhalitsa amalondawo anapirikitsidwa kumapiriko. Anayamba tsono kufunafuna malo ena ochitirako malonda popanda kulowa m'dziko limene anawaletsa. Cha m'ma 1715 mpaka 1720, wamalonda wina wochokera ku Goa m'dziko la India, dzina lake Francisco Pereira, anamanga msasa pokumanira mitsinje iwiriyi. Umo ndimo munabadwira Zumbo, ndipo tsidya lino la Luangwa kunamera mudzi mnzake umene unatenga dzina la msika.

Malo anasankhidwa mwanzeru. Mabwato ochokera ku Tete ankakwera ndi nsalu za ku India, mikanda ndi mawaya amkuwa. Kuchokera pano katunduyo ankasenzedwa pamutu ndi anthu akuda otumidwa ndi amalonda, amene ankatchedwa vashambadzi. Ena ankawoloka Zambezi kupita kwa Arozvi kukagula golide. Ena ankakwera chigwa cha Luangwa ndi cha Lunsemfwa, kapena kulowera ku Kafue, kukafika kwa Alenje, Alala ndi Alamba kukagula minyanga ya njovu ndi mkuwa. Pakati pa zaka za m'ma 1700 gawo lalikulu la golide wotuluka m'chigwa cha Zambezi linkadzera pa msika umenewu, kotero kuti m'ma 1760 boma la Portugal linakweza Zumbo kukhala tauni yokhala ndi bungwe lake loyendetsa zinthu. Taganizani, abale: mkanda umene agogo a agogo athu ku Mkushi kapena ku Mumbwa anavala m'chiuno uyenera kuti unadutsa pa dooko limene lero amayi amatsukirapo mbale.

Tisaiwale kuti amalondawo sanapeze dziko lopanda eni. Anali alendo a mafumu, ndipo ankapereka mitulo kuti aloledwe kukhala ndi kudutsa. Ubale ukaonongeka, msika unkaona zakuda. Ankhondo a Mburuma anagwetsa Zumbo mu 1804, ndipo anachitanso chimodzimodzi mu 1818. Kenaka kunadza chilala choopsa cha m'ma 1820, golide anachepa, ndipo nkhondo za Angoni zinasokoneza njira zamalonda. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi chakumunsi kwa Zumbo mu Novembala 1835, pa tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Mu 1836 Apwitikizi anachoka, nyumba zawo zamiyala nkusanduka mabwinja.

Wansembe woyamba ndi belu losweka

Pamodzi ndi amalonda kunabwera ansembe a chipani cha Dominiko Woyera. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Bambo Pedro da Santíssima Trindade, amene anafika mu 1726 nakhala pano zaka zoposa makumi awiri, mpaka imfa yake cha m'ma 1750. Anamangitsa tchalitchi chamiyala, ndipo mbiri imamukumbukira pa zinthu ziwiri zabwino: anagawira anthu chakudya pa nthawi ya njala, ndiponso anapanga mafuta amankhwala amene anatchuka ndi dzina lake m'chigwa chonse kwa zaka zambiri iye atamwalira. Tikamakamba za kufika kwa chikhristu m'dziko lino timakonda kuyambira pa Mambwe Mwela mu 1891 ndi Kayambi mu 1895, kumene Ansembe Oyera anamanga misasa yawo yoyamba. Zimenezo nzoona, koma zaka zoposa 150 izi zisanachitike, Misa inali itaperekedwa kale pokumanira Luangwa ndi Zambezi.

Komabe choonadi sichikhala ndi mbali imodzi. Bambo Pedro yemweyo anali mkulu wa msika, anali ndi migodi ya golide, ndiponso anali ndi akapolo ochuluka omukumbira ndi kumusenzera katundu, monga ankachitira azungu anzake a nthawi imeneyo. Chikhristu cha pa msika chinali cha amalonda ndi antchito awo. Sichinalowe m'midzi, sichinaphunzitse aphunzitsi a m'dziko momwemo, sichinayankhule chinenero cha anthu. Nchifukwa chake amalonda atachoka, nacho chinachoka. Mtengo wobzalidwa mumphika umafota mwini mphika akasamuka.

Mu Januwale 1856 David Livingstone anafika pano ndi gulu lake la Amakololo, pa ulendo wake wochokera ku Linyanti kupita ku Quelimane. Anthu a Mburuma anamukayikira, ndipo sitingawadzudzule, pakuti azungu amene iwo ankawadziwa sanali a mtendere. Usiku umenewo anagona ndi mantha, koma m'mawa mwake anabwerekedwa bwato limodzi, nawolotsa anthu ake ndi katundu pang'onopang'ono, iye nkuwoloka pomalizira. Asanawoloke anayendayenda m'mabwinja a tsidya lino, ndipo anapeza zipupa za tchalitchi ndi belu losweka lili pansi, lolembedwa zilembo za I.H.S. ndi mtanda. Anadzeranso pano mu 1860 pobwezera Amakololo kwawo. Belu limenelo, limene linkaitanira anthu ku mapemphero pamalo pomwe anzawo ankagulitsidwa, ndi phunziro lokwanira kwa aliyense wofuna kumva.

Achikunda ndi zaka za unyolo

Apwitikizi anabwerera ku Zumbo cha mu 1862, koma mphamvu zenizeni sizinali m'manja mwa boma lawo. Zinali m'manja mwa akuluakulu a nkhondo okhala ndi mfuti ndi asilikali awoawo otchedwa Achikunda. Achikunda poyamba anali akapolo onyamula zida m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya ku Tete ndi ku Sena, anthu otengedwa ku mitundu yosiyanasiyana: Achewa, Amang'anja, Asena, Ansenga ndi ena. Mindayo itagwa, ambiri anadzimasula nakwera mtsinje monga alenje a njovu, opalasa mabwato ndi amalonda. M'kupita kwa nthawi anasanduka mtundu wokhala ndi chinenero chake, chofanana kwambiri ndi Chinyungwe cha ku Tete.

Mayina awiri amamvekabe m'chigwa muno. Woyamba ndi Kanyemba, amene dzina lake la Chipwitikizi linali José do Rosário Andrade, ndipo dera la tsidya lija la Zimbabwe limatchedwa ndi dzina lake. Wachiwiri ndi Matakenya, kapena kuti José de Araújo Lobo. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 magulu awo ankafika mpaka kwa Asoli, Alenje, Alala ndi Atonga a m'chigwa cha Gwembe kukafuna minyanga ndi anthu. Midzi inatenthedwa, ana analekanitsidwa ndi amayi awo, ndipo ogwidwawo ankasonkhanitsidwa pokumanira mitsinje pano kudikira mabwato kapena ulendo wapansi. Akuluakulu a pa Boma amalozabe mlambe waukulu umene amati akapolo ankasungidwa patsinde pake.

Nkhani imeneyi ndi yowawa, ndipo ena amafuna kuti isamatchulidwe poopa kudzutsa chidani pakati pa Ansenga ndi Achikunda. Ife tikuona mosiyana. Adzukulu a ogwira ndi adzukulu a ogwidwa akhala akukwatirana kwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi. Mabanja ambiri a m'chigwa muno ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri. Ndiponso Achikunda eniake anayamba ali akapolo. Mwana wa lero alibe mlandu pa zimene anachita Matakenya, koma ali ndi ufulu wodziwa mmene munthu wovutitsidwa angasandukire wovutitsa anzake akapatsidwa mfuti ndi msika wogula anthu. Bala lobisa ndilo limanunkha. Lero mitundu iwiriyi imaitanizana pa miyambo yawo: Achikunda a Mfumu Mphuka ali ndi mwambo wa Dantho, ndipo Ansenga-Luzi a Mfumu Yaikulu Mburuma ali ndi mwambo wa Mbambala. Mtendere umenewo umakoma koposa kwa munthu wodziwa kumene tinachokera.

Changa-Changa ndi Boma

Mu 1887 kunafika mzungu wina wochokera ku South Africa, John Harrison Clark, amene anthu anamutcha Changa-Changa. Anamanga malo ake m'mabwinja a Feira, nasonkhanitsa asilikali ake pakati pa Ansenga, nayamba kukhometsa msonkho amalonda odutsa ngati kuti iye ndiye mfumu ya dziko. Ulamuliro wake unatha pamene kampani ya British South Africa inatenga dziko, ndipo anamwalira ku Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1927.

Chimene chinasintha moyo wa anthu kwambiri ndi pangano la pakati pa Britain ndi Portugal la mu Juni 1891. Anthu okhala ku Lisbon ndi ku London anagwirizana kuti kumunsi kuno mtsinje wa Luangwa ukhale malire. Kuyambira pamenepo Feira ndi Zumbo, midzi imene inali ngati mapasa, inakhala m'maiko awiri, ndipo munthu wopita kumaliro a amalume ake tsidya lija anasanduka wodumpha malire. Mu 1902 Feira anakhala Boma, ndipo kwa kanthawi anali khomo lofunika: ng'ombe zochokera kumpoto, ngakhale ku Tanganyika, zinkawolokera pano kupita ku Southern Rhodesia, ndipo amuna ambiri opita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi m'migodi ankadzera njira yomweyi. Koma mlatho wa njanji wa pa Victoria Falls utatsegulidwa mu 1905, ndipo sitima itafika ku Broken Hill mu 1906, malonda anatsata njanji. Feira anatsala kumapeto kwa msewu. Dziko litalandira ufulu, dzina la Luangwa linalowa m'malo mwa Feira m'mabuku a boma, ngakhale pakamwa pa anthu dzina lakale silinafe.

Kuchokera ku Miruru kufika ku Katondwe

Uthenga Wabwino unabwerera m'chigwa muno cha m'ma 1890 ndi ansembe a Chijezuiti, motsogozedwa ndi Bambo Stephen Czimmermann. Anamanga mishoni ya Petulo Claver Woyera ku Miruru, tsidya la Mozambique, ndipo dzinalo silinasankhidwe mwangozi, pakuti Petulo Claver anali mtumiki wa akapolo, ndipo ambiri mwa ana oyamba a sukulu ya pa Miruru anali owomboledwa ku ukapolo. Ulendo uno ansembe anaphunzira chinenero cha anthu, natsegula masukulu m'midzi, naphunzitsa aphunzitsi ndi amisiri.

Mu Okutobala 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linalamula kuti Ajezuiti achoke m'maiko ake onse. Ansembe ndi abulazala a pa Miruru sanapite kutali: anangowoloka Luangwa, akhristu ena nkuwatsatira, nakhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe. Malire aja amene anagawa mabanja ndiwo anapulumutsa mishoni. Mu 1912 dera limeneli linaperekedwa kwa Ajezuiti a ku Poland, ndipo Bambo Apolonius Kraupa anakhala mkulu wawo ku Katondwe. Kuchokera kumeneko anatsegula Chingombe mu 1914. Ntchitoyo itakula, mu 1927 Roma anakhazikitsa chigawo cha Broken Hill pansi pa Monsinyo Bruno Wolnik, ndipo chigawo chimenecho ndicho chinadzasanduka Arkidayosizi ya Lusaka mu 1959, Ambuye Adam Kozłowiecki ali Arkiepiskopi woyamba. Choncho inu a ku Matero, ku Chilenje ndi ku Kabwata, muzu umodzi waukulu wa mpingo wanu uli m'dothi lotentha la ku Feira. Madzi saiwala khwawa.

Kusiyana kwa belu losweka lija ndi Katondwe kuli poyera. Mpingo wa pa msika unatha ndi msika. Mpingo wa m'midzi unakhala chifukwa unali ndi aphunzitsi ndi makatekisiti a m'midzi momwemo, amene ankayenda pansi pakati pa njovu ndi mikango kukaphunzitsa ana kuwerenga. Lero pa Katondwe pali sukulu ya sekondale ya atsikana ndi chipatala choyendetsedwa ndi Asisitere a Little Servants of Mary Immaculate, kumene amathamangira nawo anthu olumidwa ndi ng'ona kapena ovulazidwa ndi mvuu, kuphatikizapo ochokera ku Mozambique ndi ku Zimbabwe.

Mtengo wa ufulu wa anansi

Kukhala pamalire kuli ndi mtengo wake. M'zaka za nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe, asilikali a ZIPRA anali ndi misasa m'boma lino. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a boma la Ian Smith anawoloka Zambezi ndi ndege zankhondo naukira Kavalamanja, kumtunda kwa Feira. Kunafa omenyera ufulu, asilikali a Zambia ndi anthu wamba, ndipo anthu a ku Kavalamanja ndi ku Kakaro anathawa kusiya midzi yawo. Mwezi wa Malichi anthu a maiko awiriwa amasonkhana kumeneko kukumbukira akufawo. Zimbabwe atalandira ufulu mu 1980, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inafika pa Zumbo, ndipo anthu a tsidya lija anathawira kwa abale awo tsidya lino mpaka pangano la mtendere la ku Roma la mu 1992. Anthu osauka a m'chigwa muno anagawana ndi othawa nkhondo kaufa kochepa kamene anali nako. Zimenezi nazonso ndi chuma cha Feira, ngakhale zilibe chipilala chachitali.

Alendo a masiku ano

Tsopano msika wabwerera m'maonekedwe ena. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974, nyanja yake inafika kufupi ndi Zumbo, ndipo nsomba zambiri zochokera kumeneko zimatsikira pa dooko la Luangwa, nkukwezedwa m'malole opita ku Lusaka, ku Copperbelt mpaka ku Kasumbalesa. Nkhalango ya Lower Zambezi inakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa a nyama mu 1983, ndipo alendo oyenda pa timabwato kuchokera ku Chirundu amatsika kupyola mpata wa Mpata kudzathera ulendo wawo kuno. Msewu wochokera pa mlatho, umene kale unkathyola magalimoto, unaikidwa tara. Nyengo yotentha ikafika, kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, pamene mcheni umadya bwino nyambo, mumaona magalimoto okoka maboti akutsika kuchigwa, ndipo nyumba zogona alendo za m'mbali mwa Zambezi zimadzaza.

Sitikudana nawo alendowa. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anyamata apeza ntchito yoyendetsa maboti ndi yophika, amayi akugulitsa mphasa, madengu ndi ndiwo zamasamba. Koma mbiri imene tafotokozayi ikutiphunzitsa kufunsa funso limodzi pa msika uliwonse umene wafika pano: kodi eni dera atsala ndi chiyani msikawo ukadzatha? Golide anapita ku Goa, minyanga inapita ku India ndi ku Ulaya, anthu anapita osabwerera, ng'ombe zinangodutsa. Nthawi zonse chuma chinkadzera pa Feira, koma sichinkagona pa Feira.

Pali zinthu zitatu zimene zikutidetsa nkhawa. Choyamba ndi malo. Mwa lamulo la malo la mu 1995, malo a mfumu angathe kusinthidwa kukhala a chikalata cha zaka 99 ngati mfumu ndi khonsolo avomereza, ndipo akasinthidwa chotero sabwereranso m'manja mwa mudzi. Munthu wogulitsa dimba lake la m'mbali mwa madzi amalandira ndalama zimene zimatha chaka chisanathe, koma mpanda umene wogulayo amamanga umatseka njira ya kudooko kwa adzukulu amene sanabadwe. M'dziko la chilala, dimba ndilo nkhokwe. Chachiwiri ndi ana athu. Ndalama ya nsomba imabwera msanga, ndipo mnyamata wa giredi 7 amaona ngati sukulu ikumuchedwetsa. Atsikana nawo amakumana ndi mayesero pa dooko pamene pali amalonda okhala ndi ndalama m'thumba, kutali ndi mabanja awo. Komanso maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito otetezera udzudzu, akukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo ena salemekeza nyengo yoletsa kugwira nsomba ya Disembala mpaka Febuluwale. Chachitatu ndi kuiwala. Mlendo amafika, amajambula mvuu ndi kulowa kwa dzuwa, nabwerera osamva liwu limodzi la Bambo Pedro, la Kanyemba kapena la Kavalamanja, chifukwa mnyamata womuyendetsa pa boti nayenso sanauzidwe.

Zimene tingachite

Sitiyenera kudikira akatswiri ochokera kutali. Pa Boma pali chipilala chofotokoza mbiri ya Feira, chimene chili m'manja mwa bungwe la boma losamala za mbiri, la National Heritage Conservation Commission. Aphunzitsi atengereni ana kumeneko, muwerenge nawo zolembedwazo, muwamasulire m'Chinsenga ndi m'Chikunda. Achinyamata a m'miphakati, tengani kope ndi cholembera, kapena lamya zanu zojambula mawu, mukakhale pansi ndi agogo amene anaona za mu 1978, amene anapalasa mabwato a Boma, amene anaphunzira pa Kapoche. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Nkhalamba iliyonse imene tikuika m'manda imapita ndi nkhani zimene palibe buku linazilemba. Mabuku akale a ubatizo ndi a maukwati a ku mishoni asungidwe kutali ndi chiswe, pakuti m'menemo muli mayina a makolo a mabanja ambiri a maiko atatu.

Kwa mafumu athu, nduna zawo ndi makhansala, pempho lathu mwaulemu ndi lakuti malo a m'mbali mwa mtsinje asaperekedwe mudzi usanakhale pansi ndi kumva, amayi ali pomwepo, popeza ndiwo amatunga madzi ndi kulima madimba. Njira za kudooko, manda, mabwinja ndi milambe yakale zilembedwe ndi kupatulidwa pangano lililonse lisanasainidwe, ndipo kubwereketsa malo kwa zaka zowerengeka kuganiziridwe m'malo mogulitsiratu. Kwa eni nyumba za alendo tikuti, phunzitsani antchito anu mbiri ya dera lino. Mlendo amene wamva nkhani ya belu losweka adzagona usiku wina umodzi kuti akaone malowo, ndipo phindu lidzakhala lanu ndi la mudzi.

Kwa inu a m'tauni amene mumapita kukapuma ku Feira, pitani ndithu, ndipo tengani ana. Koma musathere pa mbedza ndi pa chakumwa chozizira. Kapatseni moni akuluakulu, imani pa Katondwe, funsani njira ya ku Kapoche, gulani mphasa pa mtengo woyenera osanenerera mpaka woluka atsale ndi manja okha. Ndipo inu ana a kuchigwa amene muli ku Lusaka ndi ku Copperbelt, amene nthawi zina mumachita manyazi kunena kwanu poopa kusekedwa kuti ndinu a kotentha kodya masau, dziwani kuti mudzi wanu unali pa mapu a dziko lapansi zaka pafupifupi 200 Lusaka asanakhale likulu mu 1935. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Amene muli ndi nkhani za makolo anu zokhudza Feira, Zumbo, Miruru kapena Kapoche, tilembereni kudzera kwa mkonzi, ndipo tidzazisindikiza pa tsamba lino. Mwezi wamawa tidzakwera mtsinje wa Lunsemfwa kupita ku Chingombe.